Chimene Mng'ono Wanga Ankabisa M'malaya

1

Mukafika pa Machipisa ku Highfield, funsani kwa Zvidzai wometa. Akakulozerani kanyumba kobiriwira kokhala ndi galasi long'aluka pakona, lowani, khalani pampando, tikambe za ndale, za mvula, za apongozi anu ngati mukufuna. Koma musatchule kiriketi. Wina anayesa posachedwapa, anatuluka mutu utametedwa mbali imodzi.

Ine ndine mkulu wake wa Tongesai Gwatidzo. Eya, yemwe uja. Amene ankanyonyomala kuseri kwa timitengo titatu, atavala magolovesi aakulu ngati mapazi a bakha, n'kumagwirira dziko lonse la Zimbabwe mipira yothamanga ngati mwala wa legeni. Kipa wa timu ya dziko. Ikafika nthawi yake yomenya, ankatenga thabwa lake n'kuukwapula mpira mpaka kukagwera pa malata a anthu.

Sukulu ine ndinalekera Fomu 2, aphunzitsi atandiuza kuti pakamwa panga pamafika msanga kuposa mutu. Komabe amene anamuphunzitsa Tongesai kugwira ndine. Ndinkamugenda ndi mandimu osapsa kuseri kwa nyumba, akagwetsa ndinkamudyetsa ndimu lomwelo ndi makoko omwe. Makolo athu atatisiya ndinamutenga kuti azikhala kwanga. Ankadya sadza yanga, nsima ya kuno, kugona pa sofa yanga, ndipo zovala zake zoyera za masewerawo ankachapa ndi mkazi wanga Shorai, amene tonse timamuitana Mai Anesu, potengera mwana wathu.

Munthu amene anayambitsa masewera ovala zoyera n'kumagubuduka pa udzu sanachapepo chovala chiyambire. Mai Anesu ankakhala pa beseni mpaka manja kusupuka ndi jiki.

"Bamunini," ankatero, atakweza thalauza lofiira pantchafu ndi utoto wa mpira, "kodi kumeneko mumakasewera kapena mumakapha mbuzi?"

"Chapani bwino, maiguru. Ndikalemera ndikukwatirani ine, mukoma akalamba awa."

"Ndi zala zokhotazo? Mphete mudzaivala pati, pamphuno?"

Tinkaseka tonse. Kuno bamunini ndi mng'ono wa mwamuna wako, maiguru ndi mkazi wa mkulu wako. Chilamu chimenecho, ndani sachidziwa? Ndipo zala zake zinalidi zokhota, chilichonse chikuloza kwake ngati mizu ya chinangwa. Kipa aliyense ndi mmene alili.

2

Tsopano za mphete.

Mphete ya ukwati ya Mai Anesu siinali ya m'sitolo. Ndinakapangitsa kwa mmisiri wina ku Mbare. Anapota timawaya titatu ngati mmene amalukira tsitsi, poti ine ndine wa tsitsi, pamwamba n'kuikapo kamwala kobiriwira. Mmisiriyo analumbira pa manda a amayi ake kuti n'kamwala kamtengo wapatali. Ine mpaka lero ndimakayikira botolo la mowa. Koma inalipo imodzi yokha padziko lonse, ndipo Highfield yonse inkaidziwa, chifukwa ine sindigula kanthu mwakachetechete.

Sabata imene Tongesai anaitanidwa koyamba ku timu ya dziko, Mai Anesu anachapa chilichonse, ngakhale timagolovesi tam'kati tija tonunkha ngati mphaka wakufa. Mnyamata ananyamuka ulendo wa ku Sri Lanka. M'mawa mwake, tikumwa tiyi, ndinaona chala chili mbee.

"Mphete ili kuti?"

"Ndinavula pochapa, Baba Anesu. Jiki amaidetsa. Ndafuna paliponse."

Tinafukula ngalande, tinagwedeza matiresi, tinamuyang'ana Anesu m'kamwa. Palibe.

Ndikanangoti zatayika zatayika. Koma ine ndimagwira ntchito m'nyumba ya amuna, ndipo nyumba ya amuna ndi yoipa kuposa chitsime. Pali kasitomala wanga wina, Dzingai, dalaivala wa kombi, timinibasi tathu tija, mutu wake ngati chikwanje. Ameneyu ndakhala ndikumuseka zaka zonsezi, ndiye anapeza pobwezera.

"Mphete ilibe miyendo, Zvidzai," anatero ndikumumeta. "Imavulidwa pakhomo pa loji, n'kuiwalidwa pa katebulo ka pambali pa bedi. Ife a kombi timaona zambiri."

"Iwe umaona chiyani, galasi lako lakutsogolo ndi pulasitiki?"

"Ndimaona wogulitsa nyama uja akuwonjezera chiwindi pa sikelo ya akazi ako. Ine sanandiwonjezerepo ngakhale fupa."

Nyumba yonse inaphulika. Ine woseka anthu ndinasanduka chosekedwa, ndipo palibe munthu amene amapsa msanga ngati wanthabwala akasekedwa. Ndinayamba kununkhiza chiwindi. Ndinayamba kufunsa chifukwa chake wachedwa kumsika, chifukwa chake wafulumira, chifukwa chake akuimba. Mapeto ake ndinamulongedzera zikwama n'kumukweza kombi ya ku Chitungwiza, kwawo, mwana ali kumsana.

Azakhali athu, mlongo wa malemu bambo, anandigwira dzanja ndisanapereke kandalama kachitsulo kaja kosudzulira. Kwathu kuno kandalama kameneko kakaperekedwa pamaso pa akulu, ukwati watha, palibenso apilo.

"Bweza m'thumba kameneko," anatero azakhali. "Mkwiyo umatha, chitsiru iwe. Siya chitseko chotsegula."

Mai Anesu sanalire. Anatulutsa mutu pawindo la kombi n'kunena modekha, "Baba Anesu, tsiku limene mpheteyo idzapezeke, musadzabwere nayo kwa ine mukuseka."

3

Nthawi yonseyi Tongesai anali akuwotcha dziko. Masewera ake oyamba enieniwo ku Sri Lanka anamenya marani zana, ndiwo mapointi a kiriketi, n'kugwira mipira ina imene ngakhale mleme sukanaiona. Manyuzipepala anapenga. Atabwera anapeza nyumba ili zii.

"Maiguru ali kuti?"

Ndinamuuza. Anakhala pansi, dzanja lili pachifuwa ngati munthu woimba nyimbo ya fuko.

"Mukoma, mpaka banja kutha chifukwa cha mphete? Ndikugulireni ina, yagolide."

"Nkhani si mphete, mwana iwe. Nkhani ndi kumene inavulidwira."

Sabata yomweyo anasamukira ku fulati ya ku Avondale.

Anthu a kiriketi ndi ophunzira, amalankhula Chingerezi cha m'mphuno, koma pa zikhulupiriro amaposa sing'anga. Wina amayamba kuvala phazi lamanzere basi. Wina akamenya bwino sachapa kabudula wam'kati mpaka ulendo utatha. Mnzawo akamamenya bwino pabwalo, onse m'chipinda chovalira sasuntha pamene akhala, ngakhale chikhodzodzo chiphulike. Ndiye Tongesai atayamba kumanga batani la malaya mpaka pakhosi, kutenthe kuzizire, sindinadabwe. Akabwera kudzameta ankakana kuti ndimulowetse nsalu m'kolala.

"Ingoyalani pamwamba, mukoma."

"Uli ndi zipere?"

"Ndi mwambo wanga basi."

Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiya. Iye India, iye Dubai, nkhope yake pa zikwangwani za sopo. Ine mazondo a pamsika, ziboda za ng'ombe zija, kudya choimirira, malaya osasita. Anesu ndinkamuona pa Khirisimasi. Kangapo ndinavala jekete kuti ndipite ku Chitungwiza, koma ndikakumbukira kuseka kwa Dzingai ndinkalivulanso.

4

Linali Loweruka masana, tsiku lachitatu la masewera aja a masiku asanu, timu yathu ikulimbana ndi alendo pabwalo lalikulu la mu Harare momwemuno. M'kanyumba kanga munadzaza, anthu mpaka pakhomo, maso onse pa TV imene ndinapachika pamwamba pa galasi. Dzingai anali pampando, thovu kumasaya.

Woponya anaponya, mpira unapsepsa thabwa la mlendo n'kuthawira kumbali. Tongesai anauluka. Ndikuti kuuluka, thupi lonse m'malere, dzanja limodzi, n'kuutola pafupi ndi udzu.

"Watuluka! Watuluka!" tinakuwa.

Koma oyimbira awiri a pabwalo anakayikira ngati mpira sunayambe wagunda pansi. Zikatero amatumiza nkhani kwa woyimbira wachitatu, amene amakhala m'kachipinda n'kumaonera kanema pang'onopang'ono. Ndipo chimene iye akuona, dziko lonse limaonanso.

Anabweza kanema. Tongesai akuuluka pang'onopang'ono ngati munthu wa m'maloto. Batani lapakhosi linathothoka. M'malaya munatuluka tcheni, kumapeto kwake kukulendewera kanthu kozungulira.

"Bwezaninso," anatero woyimbira uja. "Yandikitsani."

Anayandikitsa. Iye ankafuna mpira ndi udzu, koma pambali pa golovesi, chachikulu ngati tayala la kombi, chinali kuzungulira mwaulemu chinthu cha timawaya titatu topota, ndi kamwala kobiriwira kakuphethira dzuwa.

"Bwezaninso. Imitsani pomwepo."

Anaimitsa pomwepo.

Wolengeza masewera anaseka. "Kodi kipa wathu ali ndi mkwatibwi wobisa? Mayi amwayiwo ndani?"

M'kanyumba kanga munagwa bata loti mukanamva nsabwe ikuyenda. Dzingai anadzuka pang'onopang'ono, thovu likudontha.

"Zvidzai," anatero ndi mawu a m'tchalitchi, "ndipepese kwa wogulitsa nyama uja. Tinamunamizira. Kipa wagwira mpira, wagwiranso maiguru!"

Za kusekako sindinena. Ena anagwa pansi, ena anathawira panja kukaitana anzawo. TV inalemba kuti mlendo watuluka, bwalo lonse likuvina, ine ndili chiimire ndi lumo m'manja. Dzuwa lisanapendeke chithunzicho chinali m'foni iliyonse, atachizunguliza ndi chofiira, pambali ataikapo chithunzi cha ukwati wanga. Amene anachipereka ndikumudziwa, ndipo tsitsi lake akumeta kwina.

Zonse zinagwirizana m'mutu mwanga. "Ndikukwatirani ine, maiguru." Dzanja pachifuwa. Kusamuka msangamsanga. Ndinalera njoka pa sofa, n'kumaiphikira tiyi.

5

Mmawa mwake ndinali pageti la osewera. Alonda amandidziwa, anandilowetsa osandiyang'ana kumaso. Ndinamupeza kuseri kwa chipinda chovalira, atavala kale zotchinga miyendo, poti tsikulo inali nthawi ya timu yathu kumenya. Atandiona anafota. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

"Unayamba liti?" ndinafunsa.

"Mukoma, khalani pansi."

"Ndikhale pansi pa nyumba ya abambo ako? Unayamba liti kugona ndi mkazi wanga? Ndili ku ntchito? Pa bedi langa, kapena munkandilemekeza n'kupita pa sofa?"

"Sindinawakhudzepo maiguru! Ndikulumbira pa manda a amayi. Iwo sakudziwa n'komwe kuti ili ndi ine."

"Ndiye inakwera yokha pakhosi pakopo?"

"Inali m'golovesi."

"M'chiyani?"

"M'chala cha golovesi langa lalikulu. Pochapa paja ayenera kuti anaiponya mmenemo kuti isatayike, n'kuiwala. Ine ndinalongedza osaona. Mmawa wa masewera anga oyamba ku Sri Lanka ndikulowetsa dzanja, ndinamva chinthu. Pachala sikanalowa, mukuzidziwa zala zanga. Ndinaiika pa tcheni kuti ndisunge, ndidzabweze. Tsiku limenelo ndinagwira chilichonse. Mawa lake ndinamenya zana."

Anapitiriza mofulumira.

"Masewera otsatira ndinaisiya ku hotela, mukoma, ndinayesa ndithu. Ndinatuluka ndi bakha, osamenya ngakhale rani imodzi, n'kugwetsa mipira iwiri yophweka. Nditaivalanso, marani anabwerera. Inu simukudziwa. M'timu kipa amakhala mmodzi. Womenya akalephera amamusuntha pamndandanda, koma kipa akalephera amapita kwawo. Kumbuyo kwanga kuli anyamata atatu akudikira kuti ndithyoke chala."

"Ndiye unabwera, n'kupeza ndathamangitsa mkazi chifukwa cha mphete imeneyi, iwe uli nayo pachifuwa, ukudya mazondo anga?"

"Ndinkati ulendo uno ukatha ndibweza. Ukatha kunkabwera wina."

"Anesu wayamba sukulu osandidziwa bwino, iwe ukudikira ulendo uthe?"

Misozi inatsika m'masaya mwake. Ine ndinali nditabwera kudzapha wachigololo, ndipo ndikuuzeni zoona, chigololo ndikanachimvetsa. Ndi tchimo la anthu, lili ndi magazi, abusa amalidziwa polemba. Koma ichi? Kugulitsa banja la mkulu wako kuti thabwa lizigunda mpira?

Pamenepo mkwiyo unali utayamba kusanduka chisoni, ndipo akanangotseka pakamwa mwina bwenzi lero tikudyera limodzi. Koma anagwada, zotchinga miyendo zikulira, n'kundigwira bondo ndi zala zokhota zija.

"Mukoma, ndapota nanu. Ndisiyireni mpaka mawa madzulo. Tatsala pang'ono kupambana. Ndimenye kaye, ndikubweretserani ndekha."

Ndinagwira tcheni n'kukoka. Linamusiyira mzere pakhosi.

"Pita ukamenye ndi zala zako," ndinatero.

Sindinachoke. Ndinakhala pampando wabwino wa achibale, n'kugula maputi, chimanga chokazinga chija. Tongesai analowa pabwalo akusisita pachifuwa popanda kanthu. Mpira woyamba anauphonya. Wachiwiri unazula kamtengo kapakati n'kukaponya uko. Bakha. Bwalo lonse linabuula, ine ndekha ndinali kutafuna.

Kuyambira pamenepo manja ake anasanduka sefa. Chaka chisanathe magolovesi a dziko anapatsidwa mmodzi wa anyamata atatu aja. Mukandifunsa ngati mphete inali ndi mphamvu, ine ndikuti botolo la mowa lilibe mphamvu likakhala lopanda mowa. Mphamvu inali m'mutu mwake, ndipo ndinaizula ndi tcheni lomwe.

6

Sabata yomwe ndinalanda mpheteyo ndinatenga azakhali, ndinavala jekete, ulendo ku Chitungwiza. M'kombi ndinkayeserera nkhope, kukumbukira kuti Mai Anesu anati ndisadzabwere ndikuseka.

Tinamupeza kuseri kwa nyumba ya amayi ake, pakati pa zingwe zodzaza zovala zoyera. Anali atatsegula bizinesi yochapa, ndipo masukulu a kiriketi a m'tauni ankamutumizira mitolo. Anali atanenepa bwino, ali ndi antchito awiri. Anatipatsa mipando, anawombera azakhali m'manja mwaulemu wonse. Ine anandipatsa moni ngati wobwera kudzawerenga mita ya madzi.

Azakhali analankhula nthawi yaitali, za kupirira, za mwana, za Satana. Kenako ndinatulutsa mphete n'kuiika pa mbale.

"Mai Anesu, yapezeka. Inali m'golovesi. Munalibe mlandu."

"Mwadziwa liti?"

"Tongesai wafotokoza zonse."

"Ooh. Tongesai akafotokoza mumamva. Ine ndinafotokoza miyezi ingati?"

Anaitola n'kuizunguliza padzuwa.

"Yawala bwanji. Yakwera ndege iyi. Yaona nyanja, yagona m'mahotela. Ine munandikweza kombi ya Dzingai, pampando wa pa injini." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Poyamba ndinali hule wa wogulitsa nyama, wa Highfield yokha. Tsopano ndine hule wa dziko lonse, azimayi a kutchalitchi akundionetsa chithunzi changa m'foni. Mwakawauza kuti inali m'golovesi? Akhulupirira?"

"Ndiwauza. Pakamwa ndili napo."

"Ndikupadziwa." Anaibweza pa mbale. "Ndamva kuti bamunini ankaipsompsona mmawa uliwonse. Ankagona nayo pamtima. Anthu atamuseka, anagwada pansi kuipempha kuti isachoke. Sanaikayikire ngakhale tsiku limodzi. Baba Anesu, mphete iyi inakwatiwa bwino kuposa ine. Ibwezereni kwa mwamuna wake."

"Mwana wanga," anayamba azakhali.

"Pepani azakhali, sindinathe."

Anapisa dzanja m'thumba la epuloni, momwe amasungamo chenje cha makasitomala, n'kutulutsa kandalama kachitsulo. Anakaika pa mbale pambali pa mphete, n'kukankhira mbaleyo kwa azakhali ndi manja awiri, atagwada bwinobwino monga mwa mwambo.

Chitseko chimene azakhali anandiuza kuti ndisiye chotsegula, anatseka ndi iye, ndipo anatseka mwaulemu, osamenyetsa.

"Anesu aweruka posachedwa," anatero akudzuka. "Mukafuna kumuona dikirani. Ine ndili ndi zoyera za anthu pa moto."

7

Inu owerenga, ndikudziwa chimene mukunena. Mukuti, nanga iwe Zvidzai, amene unamvera dalaivala wa kombi kusiya mkazi wako? Ndamva. Azakhali anandiuza kale kuyambira ku Chitungwiza mpaka pa Machipisa osapuma, ndipo iwo ali ndi mpweya kuposa inu. Koma musandipemphe kuti ndimukhululukire mng'ono wanga. Nkhuyu anadya ndi mwana, mimba yopota ndi yanga. Mawu amodzi okha, "mukoma, ili ndi ine," akanandibwezera nyumba. Anawasunga pakhosi n'kumangirira batani.

Ngati muli ndi m'bale amene dziko likumuombera m'manja, muombereni nanunso, koma mukamamukumbatira muzimva ngati pachifuwa pali cholimba. Ndipo chinthu chikatayika m'nyumba, yambani mwagwedeza magolovesi musanagwedeze banja.

Mphete ili m'kabati muno, pamodzi ndi zipeso ndi kandalama kaja. Dzingai anandipempha kuti ndimubwereke pokabetcha mpira, ndinamumeta nsidze imodzi.

Tongesai akusewerera katimu ka m'dera tsopano, komwe mbuzi zimadutsa pabwalo. Lachiwiri lapitali anabwera. Anaima kutsidya kwa msewu nthawi yaitali, kenako analowa n'kukhala pampando. Kolala inali yotsegula. Ndinamulowetsa nsalu m'khosi mpaka pansi, sanakane.

Ndikumeta, ndinaona m'galasi maso ake ali pa kabati.

"Mukoma," ananong'ona, "Loweruka kuli masewera osankhira timu ya dziko. Tsiku limodzi lokha."

Ndinazimitsa makina, mutu uli theka.

"Wotsatira!"